Thonje M'makutu

1. Mpando wa pakhonde

Bambo ake a Chisamba anasiya kuonera filimu ndi banja lawo Lamulungu pa 9 Febuluwale. Filimu ili pakati, anadzuka, ananyamula mpando, n'kukakhala pakhonde. Sanakalipe. Anangoti, "Anthu a m'mafilimu a masiku ano amayankhula ngati avumata madzi m'kamwa."

Chisamba anali ndi zaka 16. Anali mwana woyamba, ndipo n'chifukwa chake onse ankangomuitana choncho. Ang'ono ake awiri, amapasa a zaka zisanu ndi ziwiri, anaseka mawu a bambo awo. Chisamba sanaseke, chifukwa ankadziwa zimene adokotala ananena masiku asanu ndi limodzi m'mbuyomo.

Bambowo anali atagwira ntchito zaka 22 pa fakitale yodula ndi kupinda malata. Lolemba pa 3 Febuluwale adokotala anawayeza makutu, ndipo anawauza mosapita m'mbali kuti:

"Makutu anu sanafe, koma phokoso la makina lawononga mbali imene imagwira timawu tating'ono. Mabingu muziwamva. Galimoto muziimva. Koma munthu akamayankhula, muzimva kuti akuyankhula osamva chimene wanena. Kachipangizo kokuthandizani kumva kafika mu Juni. Pakali pano kukweza wailesi sikuthandiza. Chofunika ndi mawu omveka bwino, osati mawu aakulu."

Masabata anayi otsatira, malo awo pa sofa anakhala opanda munthu. Lamulungu masana inali nthawi yokhayo imene onse asanu ankakhala pamodzi, ndipo tsopano ankakhala anayi. Amapasa akaseka, ankatembenukira kumalo kwa bambo awo, n'kupeza khushoni.

Lachisanu pa 14 Malichi mayi ake a Chisamba, amene anali telala, anamuitanira kuchipinda chosokera, n'kutseka chitseko.

"Ampulifaya yokuzira mawu ija anatisiyira malume ako ikungodya fumbi pamwamba pa wadiropu," anatero akudula ulusi ndi mano. "Ikusowa masipika. Mawa upite kwa Amisiri, mayi aja okonza mawailesi kuseri kwa siteshoni ya basi. Ndayankhula nawo kale. Ine sindichoka pano, madiresi asanu ndi limodzi awa akufunika Lolemba."

"Ndikasankhe ine, amayi?"

"Nanga ndatuma makina osokerawa? Akuti upite ndi muyeso wa pabalaza ndiponso zimene zalembedwa kumbuyo kwa ampulifaya. Bambo ako asamve. Akamva kuti tikugulira iwo, akana. Ukuwadziwa."

Anamupatsa tepi yoyezera nsalu, koma sanaisiye msanga.

"Mwana wanga, sindikufuna zokongoletsa nyumba. Ndikufuna mwamuna wanga abwerere pabalaza."

Chisamba anayeza. Mulitali munali mamita anayi ndi theka, mulifupi mamita atatu. Kuchokera pa sofa kufika pa kanema panali mamita awiri ndi theka. Zonse analemba m'kope lake la masamu.

2. Magetsi obiriwira

Loweruka m'mawa, pakona ya msewu wopita kusiteshoni, anakumana ndi msuweni wake, mwana wa malume ake aja. Mnyamatayu anali ndi zaka 19. Ankaimbitsa nyimbo pa maphwando a achinyamata, ndipo anzake ankamutcha Phokoso.

"Aa, akazi anga! Ulendo wa kuti ndi kope Loweruka? Mwayamba kuphunzitsa mabasi masamu?"

"Ndisiye, iwe. Mwamuna wanji wopanda ndi sipuni yomwe? Ndikukagula masipika."

Phokoso anaima ngati wagundidwa ndi njinga.

"Masipika? Iwe? Osandifunsa ine? Safunsa anadya phula, msuweni. Tiye, ndikupulumutse."

Shopu ya Amisiri inali yopapatiza ndi yaitali. Kutsogolo kunali katundu watsopano. Kumbuyo kunali tebulo lodzaza mawaya, mabawuti ndi mawailesi otsegulidwa pamimba. Mwini shopu anali kumeneko, ataweramira kanthu kena, magalasi ali pamphuno.

Phokoso sanadikire. Analunjika pa masipika awiri akuda, onyezimira, otalika kufika m'chifuwa mwake. Analumikiza foni yake n'kukweza. Magetsi obiriwira ndi ofiira anayamba kuzungulira. Besi, kugunda kwa pansi kuja kwa nyimbo, inagwedeza magalasi a pawindo, ndipo Chisamba anaimva m'mimba. Anthu awiri odutsa panjira anaima n'kusuzumira.

"Wamva?" anakuwa Phokoso. "Amenewa ndiye masipika! Anzako aja amati kwanu kuli zii ngati kumanda adzasowa chonena. Mukamaliza mayeso mu Julayi, phwando lidzakhala kwanu. Ine ndidzakuimbitsirani ulere."

Chisamba anamwetulira. Zinali zoona kuti anzake ankanena zimenezo. Anagwira sipika imodzi pamwamba, n'kumva ikunjenjemera m'dzanja lake.

"Ababa awa awamva ndithu," anatero.

"Awamva? Ngakhale agogo ako kumanda awamva!"

Chisamba anatembenukira kumbuyo kwa shopu n'kukweza mawu. "Amisiri, ndatenga awa!"

Amisiri anabwera pang'onopang'ono, akupukuta manja pa epuloni. Anali mayi wamfupi, waimvi, wa zaka pafupifupi 60. Anatambasula dzanja n'kuzimitsa nyimbo ija.

"Ndiwe mwana wa atelala uja? Onetsa kope."

Anawerenga miyeso yonse, kenako anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Wayeza bwino. Amenewa ndi ena amene ndikufuna kukuonetsa mtengo wake ndi umodzi, ndiye ine kwanga n'chimodzimodzi. Ukafuna awa ndikumangira. Koma muno muli lamulo limodzi. Munthu sasankha ataimirira."

3. Ziganizo khumi

Amisiri anakoka mpando wamatabwa, anayeza mamita awiri ndi theka, n'kuuika pamenepo. Pafupi ndi masipika onyezimira aja anaimika ena awiri. Anali amatabwa ofiirira, otalika mita imodzi, opanda magetsi. Iliyonse inali ndi maso atatu otulutsira mawu: laling'ono pamwamba, lapakati, ndi lalikulu pansi.

"Awa ndi mabokosi a maliro a nkhuku," anatero Phokoso.

"Iwe khala apo, upumitse pakamwa," anatero Amisiri. "Mwanawe, khala pampando. Ndikuuze kaye, usanamve chilichonse.

"Ine ndinayamba ntchito ya mawu ndili ndi zaka 20, m'nyumba yoonetsera mafilimu. Zaka 40 zonsezi ndaona chinthu chimodzi. Anthu amagula masipika ndi maso ndi mimba. Akaona magetsi, akamva m'mimba mukugunda, basi atenga. Akafika kunyumba, mpamene amazindikira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Masipika onyezimirawa si oipa. Anapangidwira pabwalo, pamene anthu zana akuvina ndipo palibe wofuna kumva mawu. Ukawaika m'chipinda cha mamita anayi ndi theka, besi imagunda khoma ili, imabwerera khoma ilo, n'kukwirira mawu a munthu ngati bulangete. Iwe makutu ako ndi atsopano, utha kufukula mawuwo pansi pa bulangetelo. Bambo ako sangathe. Ndiye funso si lakuti ndi ati akulira kwambiri. Funso ndi lakuti, ukugulira ndani? Ngati ukugulira bambo ako, usamvere ndi makutu ako. Ubwereke awo."

Anatsegula kabotolo n'kutulutsa thonje loyera. Analigawa pawiri, n'kulibulunga.

"Tseka makutu ndi ili. Usalikankhe m'kati, lingotseka pakhomo. Si ndendende mmene iwo amamvera, koma thonje limadya timawu tating'ono tomwe tija iwo anataya. Ndili ndi mawu amene ndinajambula ndekha. Ndi mwamuna akuwerenga ziganizo khumi, kumbuyo kukulira nyimbo ngati mufilimu. Iwe uzilemba zimene wamva."

Chisamba anatseka makutu. Shopu yonse inakhala ngati yamira m'madzi.

Amisiri anayamba ndi masipika onyezimira aja. Chisamba anamva nyimbo. Anamva kuti mwamuna akuyankhula. Anaweramira kutsogolo, pensulo ili m'manja, koma mawuwo ankangomudutsa. Analoza m'mwamba kuti akweze. Amisiri anakweza. Nyimbo inakula, mpando unanjenjemera, koma mwamuna uja anangokhala ngati akung'ung'udza m'mgolo.

Chiganizo chachisanu ndi chiwiri chinali choseketsa. Phokoso anaseka mpaka kugwira pamimba, Amisiri nawonso anamwetulira. Chisamba anayang'ana uyu, anayang'ana uyo. Anatsegula pakamwa kuti afunse, koma anatsekanso. Anayang'ana pansi, n'kuyamba kuzunguliza pensulo.

Zitatha, Amisiri anachonga pepalalo ndi bolopeni yofiira. Zolondola zinali zitatu.

Kenako analumikiza amatabwa aja ku ampulifaya ya m'shopu, n'kuika ziganizo zina khumi zatsopano. Sanakweze kwambiri. Ulendo uno mwamuna uja anakhala ngati waima pakati pa masipikawo, patsogolo pake penipeni. Chisamba analemba mosapuma. Zolondola zinali zisanu ndi zitatu.

Anachotsa thonje lija pang'onopang'ono.

"Paja munaseka chiyani?" anafunsa.

"Aa, zapita zimenezo," anatero Phokoso. "Kuzibwereza sizikomanso."

Chisamba anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi mmene timawayankhira ababa," anatero. "Akafunsa kuti wanena chiyani, timati zapita."

Panja basi inaliza hutala.

"Msuweni, ganiza bwino," anatero Phokoso, koma mawu ake anali atatsika. "Nanga phwando la mu Julayi?"

"Phwando ndi la tsiku limodzi. Amisiri, ndimangireni amatabwawa."

Amisiri anayerekeza manambala a m'kope ndi a kumbuyo kwa masipikawo. "Apa palembedwa 8, apanso 8. Agwirizana ndi ampulifaya yanu." Kenako anatembenukira kwa Phokoso.

"Iwenso ndili nawe mawu, pakuti wabwera wekha. Ukachoka kuphwando, m'makutu mwako mumalira ngati nyenje?"

"Pang'ono. Koma m'mawa zimatha."

"Zimatha lero. Kulira kumeneko ndi khutu likupempha chifundo. Khungu ukalicheka limapola, fupa ukalithyola limalumikizana, koma timinyewa ta m'khutu tikafa sitimeranso. Malume akowo makina anawatengera zaka 22. Iwe, ndi mutu wako umene umauika pasipika, sizikutengera ndi khumi zomwe. Ima kutali ndi sipika, tsitsa pang'ono, upumitse makutu. Ndipo iwe mwanawe, ukawauze amayi ako kuti sipika si mankhwala. Mu Juni bambo ako akatenge ndithu kachipangizo kaja. Awa angowathandiza kukhala nanu pabalaza."

Chisamba anapinda maondo n'kulandira lisiti ndi manja awiri.

"Zikomo kwambiri, Amisiri. Ndikanalakwitsa."

"Ukanalakwitsa, inde. Koma wakhala pampando. Ambiri amakana."

4. Wofiira ku wofiira

Galimoto ya kushopu inabweretsa masipikawo Lamulungu pa 16 Malichi, nthawi ya 11 koloko m'mawa, bambo ake a Chisamba atapita kokameta. Phokoso anabwera kudzathandiza kunyamula, ngakhale ankadandaula nthawi yonse.

"Kulemera chonchi koma opanda ndi getsi limodzi lomwe. Akazi anga, mwandichititsa manyazi."

"Nyamula bwino, ungakande khoma."

Chisamba anatsata zimene Amisiri anamulembera. Anaimika sipika imodzi kumanja kwa kanema, ina kumanzere, motalikirana mamita awiri. Anasiya mpata wa masentimita 30 kuchokera kukhoma. Waya wofiira analowetsa pofiira, wakuda pakuda, mbali zonse ziwiri. Anakhala pamalo a bambo ake n'kuona kuti diso laling'ono lija likulingana ndi khutu la munthu wokhala pansi. Anapendeketsa masipikawo pang'ono kuti ayang'ane pamalopo. Pomaliza anatsitsa besi pa ampulifaya. Phokoso anatseka maso ngati akumuzula dzino.

Bambo ake a Chisamba anafika 1 koloko. Anaima pakhomo, akuyang'ana masipikawo, kenako akazi awo, kenako Chisamba.

"Izi n'za chiyani?"

"Ndi za nyumba ino, bambo a Chisamba," anatero mayi ake.

"Za nyumba ino, koma zayang'ana pamalo panga? Ndani wakuuzani kuti ndine gonthi? Ine ndikumva bwinobwino. Onerani mafilimu anuwo, ine pakhonde pandikwana."

Anagwira mpando wawo uja. Mayi ake anayang'ana pansi. Amapasa anabisala kuseri kwa sofa.

Chisamba anapita kukagwada pafupi nawo, patsogolo pawo, kuti amuone pakamwa. Anayankhula pang'onopang'ono, osakuwa.

"Ababa, ndasankha ndine. Dzulo Amisiri ananditseka makutu ndi thonje. Anthu anaseka ine ndili pomwepo, osamva chimene akuseka. Zinali mphindi zisanu zokha, koma ndinafuna kutuluka panja. Inu mwapirira nthawi yaitali, ife n'kumakuuzani kuti zapita. Tikhululukireni. Ndikupempha mphindi khumi zokha. Mukapanda kumva, mpando wanu ndikakuikirani ndekha pakhonde."

Dzanja la bambowo linali likadali pampando. Kenako anausiya.

"Khumi," anatero. "Ndili ndi wotchi."

5. Mphindi yachisanu ndi chimodzi

Filimu inayamba 2 koloko. Inali yoseketsa, ya mwamuna wina wokonza mapaipi amene anakafunsira mkazi panyumba pomwe anaonongapo mpopi. Bambo ake a Chisamba anakhala chowongoka, manja atapinda pachifuwa, maso akupita pawotchi kawirikawiri. Chisamba sankaonera filimu. Ankaonera iwo.

Mphindi zitatu zinadutsa. Nkhope yawo sinasinthe. Pa mphindi yachinayi anaweramira kutsogolo pang'ono. Pa yachisanu manja aja anamasuka.

Pa mphindi yachisanu ndi chimodzi, apongozi a mufilimumo anauza wokonza mapaipi uja kuti, "Ngati mwana wanga uzimusamala ngati mpopi wanga, tiyambiretu kugula ndowa."

Woyamba kuseka anali bambo ake a Chisamba. Kunali kuseka kwawo kuja kochokera pansi pa mimba, komwe kunkathera m'chifuwa. Amapasa anadzidzimuka, kenako anawagwera pamiyendo. Mayi ake anadzuka n'kunena kuti aiwala kuzimitsa simbi, koma Chisamba anawaona akupukuta m'maso ndi kansalu m'khonde la m'nyumba.

"Malume, mphindi khumi zakwana," anatero Phokoso patapita nthawi. "Ndikuperekezeni pakhonde?"

"Khala chete, iwe, ndikumvera. Ukayankhulanso upita ndiwe."

Anaonera mpaka kumapeto, ola limodzi ndi mphindi 35. Kawiri konse bambowo anafunsa kuti, "Wati chiyani?" Kawiri konse Chisamba anaimitsa filimu, n'kubweza m'mbuyo.

Itatha, bambowo anapempha kuti awaikire nyimbo ina yakale ya gitala imene ankaikonda. Anaimvera atatseka maso. Kenako anaitana Chisamba kuti akhale pafupi.

"Sindinamve zonse," anatero. "Usaganize kuti wandichiritsa. Koma ndamva zokwanira kuseka pamodzi ndi ana anga. Zikomo, mwana wanga. Zikomo, amake Chisamba. Mayi a kushopuwo ukawauze kuti ndidzapita ndekha kukawathokoza."

Anasisita chibwano.

"Tsopano mverani nonse, ndi iwe Phokoso. Ine nditalowa ntchito ndinali ndi zaka 24. Anatipatsa zotsekera m'makutu sabata yoyamba. Akuluakulu a pantchitopo ankatiseka kuti zimenezo n'za anthu ofooka, ndiye ndinaziponya m'thumba. Palibe anandikakamiza, ndinataya ndekha makutu anga chifukwa choopa kusekedwa. Zitatha zija, abwana sanagulenso zina. Lero m'chipinda chodulira malata muli anyamata 14, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene amatseka makutu. Ine ndimawayang'anira. Zimene adokotala anandiuza ndawabisira milungu isanu ndi umodzi, chifukwa cha manyazi."

Mayi ake anaimirira pakhomo la pabalaza. "Bambo a Chisamba, mukufuna kutani?"

"Ndikufuna kulembera abwana kalata, kuti agule zotsekera m'makutu ndiponso kuti anyamata onse akayezedwe."

"Mukalemba, adziwa kuti inuyo simukumva bwino. Munthu wosamva bwino amamusunga pa makina? Muli ndi ana atatu."

"Ndikudziwa."

Anatembenukira kwa Chisamba.

"Iwe uli ndi dzanja labwino, ndipo ukudziwa chimene ndikunena kuposa onse muno. Sindikukakamiza. Amayi ako akunena zoona, ntchito itha kutha. Koma kalatayi ndikufuna ifike patebulo la abwana mawa 7 koloko. Undilembera?"

Chisamba anayang'ana mayi ake. Mayi akewo anapukusa mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana bambo ake. Iwo anali atatulutsa kale bolopeni m'thumba la shati, ndipo anali atamutambasulira.